Musanatchunitse kompyuta ya galimoto, ganizirani giyabokosi

Mtengo wa mafuta ukakwera, eni matakisi ndi onyamula katundu amayamba kusakasaka njira yopulumutsira lita iliyonse. Ndi nthawi ngati imeneyi pomwe mumamva wina akunena kuti: "Bweretsani galimotoyo tiitchune kompyuta, izidya pang'ono koma izikoka kwambiri." Ntchitoyi imatheka ndithu, ndipo akatswiri ake alipo. Koma pagalimoto ya otomatiki, wokhudza mafuta a injini wakhudzanso giyabokosi. Ambiri amazindikira zimenezi giyabokosi itapsa kale, ndalama zokonzera zitaposa zomwe ankafuna kupulumutsa.

Mmene injini imayezera petulo

Kuti petulo apse bwino, injini imasakaniza magalamu 14.7 a mpweya ndi galamu imodzi ya petulo. M'galimoto zambiri, kompyuta imadziwa kuchuluka kwa mpweya kudzera m'sensa yotchedwa MAF, yomwe imakhala papaipi yochokera ku sefa ya mpweya. Ikadziwa mpweyawo, imatsegula ma injector kuti athire petulo wokwanira.

Ku ekizozi kuli sensa ina, ya okosijeni, yomwe imayeza utsi n'kuuza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Kompyutayo imakonza yokha, ndipo kukonzako kumaoneka pamakina oyezera ndi dzina loti fuel trim. Nambala yake ikakhala pafupi ndi 0, zinthu zili bwino. Ikapitirira 10 peresenti, kaya kumtunda kaya kumunsi, pali pofunika kufufuza.

Apa pali phunziro loyamba. Mukamayenda mwachikatikati, kompyuta imabwezera msakanizowo pa 14.7, choncho malo opulumutsira petulo potchuna ndi ochepa. Mukaponda moto wonse, monga pokwera mtunda ndi katundu, kompyuta imathira petulo wochulukirapo mwadala kuti injini isatenthe kwambiri. Wotchuna akadula petulo ameneyu, injini imayamba kugogoda ndipo pisitoni ikhoza kusungunuka.

Mphamvu ya oyilo wa giyabokosi

M'giyabokosi ya otomatiki muli pampu yoyendetsedwa ndi injini. Pampuyi imakankha oyilo yemwe amafinya timbale ta kilatchi kuti giya igwire. Mphamvu ya oyiloyu amakaniko amaitchula kuti line pressure. Kompyuta imaikweza kapena kuitsitsa kudzera m'kachipangizo kamagetsi kotchedwa solenoid: katundu akakula imakweza, galimoto ikamayenda mopepuka imatsitsa.

Mphamvuyi ikachepa, timbale timaterereka. Mumamva injini ikulira kwambiri posintha giya koma liwiro osaonjezereka, ndipo oyilo amada n'kumanunkha ngati chinthu chopserera. Ikachuluka mopyola muyeso, giya imalowa mogunda, pampu imalemetsa injini, ndipo zitsulo ndi masilo zimatopa msanga. Pagalimoto za CVT, monga Nissan Note ndi Toyota Sienta zambiri, oyilo yemweyu ndi amene amapanitsa lamba wachitsulo pamapule ake. Lambayo akaterereka amakanda mapulewo, ndipo mikwingwirima imeneyo siichoka posintha oyilo.

Pamene ziwirizi zimakumana

Kompyuta siiona matumba a chimanga omwe mwakweza. Kulemera kwa katundu imakuwerengera kuchokera pa mmene mwapondera moto ndi mpweya womwe ukulowa mu injini. M'galimoto zambiri, nambala zomwe zimayeza petulo ndi zomwezonso zimathandiza kusankha line pressure.

Ndiye tayerekezani MAF yadzaza fumbi la m'misewu yathuyi ndipo ikuwerenga mpweya wochepa kuposa weniweni. Injini ilandira petulo wochepa, ndipo giyabokosi iuzidwa kuti katundu ndi wopepuka pomwe ndi wolemera. Sensa imodzi yabweretsa matenda awiri. N'chimodzimodzinso wotchuna akatsitsa nambala za mpweya m'kompyuta pofuna kuchepetsa petulo kapena pofuna kuti ma injector akuluakulu agwirizane ndi injini: wanamiza injini, wanamizanso giyabokosi. Ndipo akaonjezera mphamvu ya injini osakhudza line pressure, timbale timanyamula mtolo woposa msinkhu wake. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Musanatulutse ndalama

Choyamba, onani oyilo wa giyabokosi: mulingo, mtundu ndi fungo. Thirani yekhayo amene wopanga galimoto analemba, monga T-IV kapena WS pa Toyota zambiri, NS-2 kapena NS-3 pa CVT ya Nissan. Oyilo wa otomatiki wamba sathiridwa mu CVT.

Chachiwiri, lumikizitsani makina oyezera ndipo muone nokha zomwe akuonetsa. P0171 ikutanthauza kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, P0172 kuti wachuluka, P0868 kuti mphamvu ya oyilo wa giyabokosi yatsika. Musalole kuti makodiwa angofufutidwa chifukwa chake chisanapezeke.

Chachitatu, konzani zotchipa kaye: sefa ya mpweya, mapulagi, mapaipi ong'ambika omwe akuyamwa mpweya, ndi kutsuka MAF ndi mankhwala ake enieni. Nthawi zambiri galimoto yodya mafuta imachira pomwepa.

Chachinayi, ngati mwasankhabe kutchunitsa, funsani wotchunayo mafunso atatu. Kodi asunga pulogalamu yoyambirira kuti mudzathe kubwerera? Kodi ayeza line pressure ndi geji, oyilo atatentha, asanasinthe ndi atasintha, n'kufananitsa ndi buku la galimotoyo? Kodi ayenda nayo pamsewu akuyang'ana fuel trim? Akayamba kuzemba mafunsowa, tengani makiyi anu.

Pomaliza, kukweza line pressure sikuchiritsa giyabokosi yomwe timbale take tatha kale. Kumangobisa matendawo kwa kanthawi. Choncho inu ogula galimoto yakale, yendani nayo mpaka itenthe bwino, mukwere nayo mtunda, ndipo mumvetsere mmene ikusinthira magiya. Ikamagunda polowa giya iliyonse, funsani chomwe chinachitika musanayambe kukambirana mtengo.