Ndere ndi Zitsulo Zapoizoni: Phunziro la Sayansi

Mphunzitsi wa mu Blantyre alibe chifukwa chopitira kutali pofuna chomera chophunzitsira za kuipitsidwa kwa mpweya. M'dzinja ndere zimamera pa makoma a njerwa ku Limbe ndi pa miyala ya m'phiri la Soche. Tikunena ndere zofeŵa zokhala ndi timasamba, osati zoterera za m'madzi zija. Ana amasokoneza ziŵirizi, choncho yambani ndi kuzisiyanitsa.

Ndere zilibe mizu yeniyeni. Timasamba take n'topyapyala zedi, kaŵirikaŵiri mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo tilibe khungu lolimba lotiteteza. Motero chomerachi chimamwa madzi ndi thupi lonse, pamodzi ndi fumbi limene mvula yatsitsa. Fumbilo likakhala ndi mtovu, kopa kapena zinki, zitsulozi zimakanirira pa makoma a maselo. Zikachuluka zimaloŵa m'kati ndi kuononga kakhungu ka selo, potaziyamu nayamba kutayika. Kubiriŵira kumachepa, ndere nizilephera kupanga chakudya chake. Mu 1968 Åke Rühling ndi Germund Tyler a ku Sweden anasonyeza kuti popima mtovu wa mu ndere munthu angathe kudziŵa kuchuluka kwa mtovu wotsika kuchokera mumpweya.

Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wa mtovu pofika 2006, koma mtovu umakhalitsa m'nthaka ya m'mbali mwa misewu ngati wa Chipembere. Mabuleki a galimoto akali kutulutsa kopa, matayala ndi malata zinki, mabatire akale mtovu.

Tengani ndere pamalo amodzi, muzigaŵe m'mbale ziŵiri, muike pamthunzi. Mbale yoyamba izithiriridwa madzi amvula okha. Yachiŵiri madzi amvula osungunuliramo kopa salifeti pang'ono. Mankhwalaŵa asungunule ndi mphunzitsi yekha, ndipo ana azisamba m'manja akatha. Azijambula ndi kulemba zimene aona tsiku ndi tsiku kwa milungu iŵiri.

Apa mpofunika kusamala. Mwana akaona ndere zofiirira pa khoma la ku Makata adzathamangira kunena kuti zapsa ndi utsi wa m'mafakitale. Musamtsutse, koma mpatseni madzi athirepo. Ndere zongouma ndi dzuŵa zimabiriŵiranso m'kanthaŵi kochepa, pamene zoonongeka ndi zitsulo sizitero. Ngakhale zitapanda kutsitsimuka, mfunseni mwanayo ngati palibe china chimene chikadazipha, monga laimu kapena sopo wotayidwa pakhomapo.