PHUNZIRO LA ZAUMOYO: OPALESHONI YOCHEPETSA CHIFU, KODI MUNTHU AMATSIKA MAKILOGALAMU ANGATI?

Kuwerenga: 1 Akorinto 6:19-20, Aroma 14:1-4



Phunziro la mwezi uno likukhudza nkhani imene ikulowa m'mabanja athu kudzera mwa ana ndi abale okhala kunja, monga ku South Africa ndi ku Britain. Ena mwa iwo, atavutika zaka zambiri ndi kunenepa kwambiri, amaganiza zochitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo amafuna kumva maganizo a makolo. Nthawi zina amapempha banja kuti lisonkhe ndalama. Sitingalangize bwino pa chinthu chimene sitikuchidziwa. Tiyeni tsono tiphunzire chimene opaleshoniyi ingachite ndi chimene singachite.

Kodi opaleshoni imeneyi ndi yotani?

Madokotala amaitcha sleeve gastrectomy. Amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, nalowetsa kamera ndi zida, kenaka amadula ndi kuchotseratu magawo 75 mpaka 80 pa magawo 100 a chifu. Chotsalacho amachisoka ndi timawaya, ndipo chimaoneka ngati nthochi. Poyamba chimangolandira chakudya chokwana theka la kapu ya tiyi. Mbali imene amachotsayo ndi imenenso imapanga ghrelin wambiri, amene ndi mthenga wa m'magazi wouza ubongo kuti tili ndi njala. Motero munthu amakhuta msanga, ndiponso njala imachepa. Tidziwe kuti chifu chikadulidwa sichibwezeretsedwanso.

Oyenera ndani?

Opaleshoniyi si ya munthu wongofuna kuti diresi la ukwati limukwane. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BMI. Timatenga makilogalamu a munthu, n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita, n'kugawanso kachiwiri ndi msinkhu womwewo. BMI yoyenera ndi yapakati pa 18.5 ndi 25. Kuyambira mu 1991 lamulo lodziwika linali lakuti opaleshoni ndi ya munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati alinso ndi matenda monga a shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi anatsitsa malire kufika pa 35, kapena 30 kwa odwala shuga amene njira zina zalephera.

Nanga munthu amatsika bwanji?

Apa ndiye pagona phunziro lathu. Anthu ambiri amataya magawo 25 mpaka 30 pa magawo 100 a kulemera kwawo konse. Sikelo imatsika mofulumira miyezi 6 yoyamba, kenaka pang'onopang'ono, ndipo imaima pakati pa miyezi 12 ndi 18.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze mayi wamtali mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 110. BMI yake ndi 43. Pa msinkhu wakewo sayenera kupitirira makilogalamu 64, kotero ali ndi makilogalamu 46 oonjezera. Akachitidwa opaleshoni, n'kutsatira malangizo, angayembekezere kutaya makilogalamu 27 mpaka 33. Ndiye kuti pakatha chaka ndi theka adzalemera pakati pa 77 ndi 83. Taonani: watsika kwambiri ndithu, koma pa 64 sanafike. Akadali mayi wathupi.

Mfundo imeneyi tiigwiritse, chifukwa achipatala pofotokoza amakonda kunena kuti munthu amataya magawo 60 pa 100. Akatero sakunena za kulemera konse, koma za makilogalamu oonjezera okha aja. Magawo 60 pa 100 a makilogalamu 46 ndi makilogalamu 28 basi. Mwana wathu akamva 60 n'kumaganiza kuti thupi lidzatsala theka, adzakhumudwa pamene opaleshoni yayenda bwino.

Si onse amatsika mofanana. Kawirikawiri achikulire, odwala shuga kwa nthawi yaitali ndi amene sayenda kwambiri amatsika pang'ono kuposa anzawo.

Patapita zaka

Ku Finland madokotala anatsatira odwala 240 pa kafukufuku wotchedwa SLEEVEPASS. Patatha zaka 5, amene anachepetsedwa chifu anali atataya pafupifupi magawo 49 pa 100 a makilogalamu oonjezera. Zotsatira za zaka 10, zimene zinatuluka mu 2022, zinaonetsa pafupifupi magawo 44. Tikayika manambala amenewa pa mayi wathu uja, ndiye kuti pakatha zaka 10 akulemera pafupifupi makilogalamu 90. Ena mwa makilogalamu aja abwerera, komabe ali wopepuka ndi makilogalamu 20 kuposa poyamba.

Chimabweza thupi n'chiyani? Chifu chimatanuka pang'ono ndi nthawi, njala imayambiranso, ndipo zizolowezi zakale zimabwerera. Zakumwa zotsekemera, tiyi wa shuga wambiri, mabisiketi ndi kudya pang'onopang'ono tsiku lonse zimadutsa mosavuta ngakhale m'chifu chaching'ono.

Phindu lenileni tisaliyang'ane pa sikelo pokha. Ambiri shuga wawo amatsika mpaka adokotala kuchepetsa kapena kusiyitsa mankhwala. BP imatsika, mawondo amapepuka, kubanika m'tulo kumachepa, ndipo munthu amayenda osapuma wefuwefu.

Zofunika kudziwa asanavomere

1. Opaleshoni iliyonse ili ndi zoopsa. Posoka paja pangathe kuchucha, magazi angathe kutayika kapena kuundana m'miyendo. Kutentha thupi, mtima kugunda mofulumira ndi kupweteka kwambiri m'mimba m'masabata oyamba ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala.

2. Chilungulira chimavuta ambiri pambuyo pake, ndipo ena amamwa mankhwala ake kwa zaka.

3. Masabata oyamba munthu amamwa zamadzimadzi zokha, kenaka zofewa monga phala, ndipo chakudya cholimba amachiyamba patatha mwezi ndi theka kapena iwiri. Ayambe kudya ndiwo monga nsomba, mazira ndi nyemba, nsima pambuyo. Asamwe madzi pamodzi ndi chakudya.

4. Mavitamini, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, ndi a moyo wonse, pamodzi ndi kuyezetsa magazi chaka ndi chaka. Wokachitidwa opaleshoni kutali afunse kuti adzamuona ndani akabwerera kwawo, ndiponso ngati adzakwanitsa kugula mankhwalawa.

5. Tsitsi limathothoka kwa miyezi ingapo, koma limameranso. Khungu limatha kulendewera.

6. Mayi wa msinkhu wobereka adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati. Thupi likatsika, mimba imabwera mosavuta, kotero akambirane za kulera ndi achipatala.

Udindo wathu ngati amayi a mpingo

Kwathu kuno tinazolowera kuyamikira kunenepa. Timati mayi akusamalidwa bwino pabanja. Munthu akaonda mwadzidzidzi timayamba kunong'onezana kuti wadwala. Mlongo wathu wochitidwa opaleshoni adzabwera ku tchuthi atatsika makilogalamu 30. Kodi tidzamulandira bwanji? Tikam'pakulira nsima iye n'kudya mbamu zitatu zokha, tisanene kuti wanyoza chakudya chathu kapena wayamba matama. Kumukakamiza kudya n'kumupweteka, pakuti adzasanza.

Tisamuweruzenso kuti wasankha njira yachidule. Kunenepa kwambiri ndi matenda, ndipo kumakhudzana ndi chibadwa, mankhwala ena ndi zakudya zimene zatizungulira. Ndipo ngati patapita zaka thupi labwererako pang'ono, tisamuseke kuti ndalama zinapita pachabe. Tim'limbikitse kubwerera kwa adokotala. Paulo Woyera akutichenjeza za kunyozana pa nkhani ya chakudya, ndipo akutikumbutsa kuti matupi athu ndi a Mulungu.

Ambiri a ife opaleshoniyi sitidzaifuna kapena kuikwanitsa. Koma tonse tingathe kuchepetsa shuga mu tiyi ndi mafuta m'ndiwo, kuonjezera masamba, kuyenda tsiku lililonse, ndi kuyezetsa BP ndi shuga.

Mafunso okambirana

1. Mayi wolemera makilogalamu 120 angayembekezere kutaya makilogalamu angati? Werengerani pagulu.

2. Ndi mawu ati amene timalankhula kwa onenepa ndi oonda amene tiyenera kuwasiya?

3. Pa misonkhano yathu timakonza zakudya ndi zakumwa zotani? Tingasinthe chiyani?

Pemphero

Atate wachifundo, amene munaumba matupi athu, patsani nzeru madokotala ndi anamwino, limbikitsani onse akulimbana ndi kunenepa ndi matenda a shuga, ndipo sungani malilime athu kuti atonthoze, asalase. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.