Zaka za bulu zili m'kamwa

Amalume anga atapuma pantchito, ndalama za penshoni anagulira abulu awiri ku Dedza. Nzeru yake inali yomveka: ku Machinjiri anthu akumanga usana ndi usiku, ndipo ngolo ikhoza kukatula njerwa ndi mchenga kumene lole imakana chifukwa cha misewu yokumbika. Ngoloyo anakhomeratu abulu asanabwere, mbereko mwana asanabadwe. Tsiku limene anafika nawo, ana a ku South Lunzu anawaperekeza mpaka pakhomo, poti bulu mu Blantyre ndi mlendo.

Wogulitsa anati onse ndi a zaka 5. Amalume anayang'ana miyendo, nasisita msana, n'kuwerenga ndalama. M'kamwa sanasuzumiremo.

Miyezi itatu isanathe, nthiti za abulu aja zinkachita kuwerengeka. Kudya ankadya, koma m'mawa uliwonse m'khola munkapezeka timibulu ta udzu tonyowa ndi malovu, ngati nzimbe imene mwana watafuna n'kulavula. Amalume anati ndi njoka za m'mimba, ndipo kawiri konse anakwera minibasi kukagula mankhwala ku Limbe. Akazi awo ankaloza maso kwa oyandikana nawo. Mnyamata woyendetsa ngolo anati ndi ulesi chabe, nawonjezera chikwapu.

Dokotala wa ziweto anaitanidwa bulu mmodzi atagwada pachitunda ngolo ili yodzaza.

"Bambo, pogula munawakanula kukamwa?"

"Ayi adokotala, ine ndimayesa zimenezo n'za pogula mbuzi."

Dokotalayo anabaya bulu woyamba jakisoni woti afatse, namuika chitsulo chogwira nsagwada kuti asatseke pakamwa. Kenaka anaunika ndi tochi, n'kupempha amalume kuti alowetse dzanja. Anabweza msanga, chala chitachekeka.

Bulu ndi hatchi ali ndi mano 24 otafunira, ndipo manowa amapitiriza kutuluka mpaka ukalamba: chaka chilichonse amakwera ndi mamilimita awiri kapena atatu, kulowa m'malo mwa zimene udzu waperesa. Koma nsagwada yam'mwamba ndi yotakata kuposa yam'munsi, choncho saperepeseka mofanana. M'mphepete mumatsala misongo, yam'mwamba imacheka tsaya, yam'munsi imacheka lilime. Bulu uyu masaya ake anali zilonda zokhazokha, ndipo poti bulu ndi nyama yobisa ululu, palibe anadziwa. Dokotala anapala misongo ija ndi tupa wa chogwirira chachitali, nanena kuti adzamuonenso pakatha miyezi 6, kenaka kamodzi pachaka. Pakutha pa mwezi, buluyo anali atayamba kubweza thupi.

Wachiwiri ndiye anawagwetsa ulesi amalume. Dokotala atangokweza milomo anapukusa mutu. Bulu wa zaka 5 amakhala atangomaliza kusintha mano ake akutsogolo, ndipo manowo amaima chilili, am'mwamba ndi am'munsi kukumana bwinobwino. Awa anali ataliatali, opendekera kutsogolo. M'kati, ena otafunira anali atagweduka, ena atatha mpaka ku nkhama, udzu wowola utatsakamira m'mipata, fungo lake losapiririka.

"Gogo uyu zaka 20 anadutsa kale, bambo. Apa tupa alibe chopala."

Anazula dzino limodzi logwedera, nalamula kuti azipatsidwa madeya onyowetsa ndi udzu wanthete wodulidula, ndipo pangolo asadzamangidwenso. Amalume anaimba foni ku Dedza masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi nambala ija inasiya kupezeka.

Lero ngolo imakokedwa ndi bulu mmodzi, njerwa theka la zimene ankawerengera. Gogo uja amangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kudikira phala lake la madeya, limene amalume amagula ku chigayo ndi ndalama za bulu mnzake.

Inu amene mukusunga ndalama zogulira bulu, tengani mlangizi wa ziweto popita kumeneko, ndipo chikwama musatsegule iye asanakweze milomo ya nyamayo.