Nthano za Makolo ndi Zimene Zisunga

M'midzi ya kum'mawa kwa Zambia nyengo ya nthano ifika pamene dzinthu zalowa m'nkhokwe. Nchito ya kumunda yatha, usiku kuli mphepo, ndipo anthu akadya nsima asonkhana pamoto, ena alikutonola cimanga, ena alikuswa mtedza. Pamenepo agogo ayamba ndi mau akuti, "Padangokhala," ndipo ana abvomera pamodzi kuti, "Tiri tonse." Kubvomera kumeneku sikuleka kufikira nthano yatha, pakuti ndiko kudziwitsa wonenayo kuti palibe amene wagona. Kunena nthano masana akulu analetsa, naopseza ana kuti wocita cotero adzaona tsoka. Cifukwa cace ceni-ceni sicibvuta kucipeza: mwana womvera za Kalulu dzuwa liri pamutu sapirikitsa mbalame kumapira, ndipo mbuzi zace zilowa m'dimba la eni.

Mwana akafika m'makalasi apamwamba adziwa bwino kuti kalulu salankhula, ndi kuti phazi la munthu silingalowe m'mwala. Pamenepo ena ayamba kupeputsa zimene anamva kwa agogo ao, nati, "Zonsezo ndi mabodza a anthu osaphunzira." Mwana wotere wafulumira kuweruza. Nkhani za makolo siziri za mtundu umodzi ai, ndipo iriyonse inapangidwa kuti isunge kanthu kace. Zina zisunga mwambo, zina zisunga maganizo a anthu pa za Mulungu ndi dziko, ndipo zina zisunga zinthu zimene zinacitikadi. Wofuna kuweruza nkhani ayambe wafunsa kuti, "Kodi imeneyi ndi ya mtundu uti, ndipo yasunga ciani?"

Nthano yosunga mwambo

Caka cina kunagwa cilala coopsa, mitsinje yonse niphwa. Mkango, mfumu ya nyama, unaitanitsa msonkhano nulamula kuti onse akumbe citsime. Nyama zonse zinabwera, koma Kalulu anakana, nati, "Ine ndimwa mame." Zinzace zinakumba masiku ambiri kufikira madzi anaturuka, ndipo zinapangana kuti wosakumba asamwe. Tsono zinaika Fisi kuti alonde.

Usiku Kalulu anafika ndi cikho ca uci, nalawitsa Fisi pang'ono. Fisi anapempha wina, koma Kalulu anati, "Madzi angawa ndi a mafumu, samwa munthu wosamangidwa manja." Fisi analola kumangidwa ndi luzi. Pomwepo Kalulu anamwa madzi, nasamba m'citsime, nacibvundula, nacoka alikuseka. Usiku wotsatira anacita comweco ndi Nyalugwe, ndipo pambuyo pace ndi Njobvu yomwe.

Potsiriza Fulu anapempha kuti alonde iye. Nyama zinamseka, koma zinamlola. Fulu anapaka ulimbo pa cigoba cace, nakhala cete m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu pofika anaona kuti palibe mlonda, naponda pa mwalawo, phazi nilikanirira. Anaumenya ndi dzanja, nalonso linakanirira. Anaumenya ndi linzace, cimodzi-modzi. M'mawa Fulu anayenda pang'ono-pang'ono kumka kubwalo, wakubayo ali pamsana. M'midzi ina nthanoyi ithera pomwepa. M'midzi ina ati Kalulu anapulumukanso, koma mcira wace unatsala m'manja mwa amene anamgwira, ndipo ndico cifukwa cace uli waufupi kufikira lero.

Palibe wamkulu amene anakhulupirira kuti nyama zinakumbadi citsime. Fisi, Njobvu ndi Fulu ndiwo anthu a m'mudzi obvala zikopa za nyama. Alipo munthu amene abisala pa tsiku lolambula mseu kapena lokumba manda, koma pa cakudya afika woyamba. Alipo mlonda wamphamvu amene agwa cifukwa ca dyera, naiwala cimene anzace anamuikira. Aliponso munthu wonyozeka amene atha mlandu umene unakanika akulu-akulu. Nthano idzudzula anthu otere popanda kuchula dzina la munthu, kotero kuti wolakwa amva yekha mumtima, ndipo m'mudzi simubuka ndeu.

Ana akonda Kalulu ngakhale ali wakuba, pakuti iye ndi wamng'ono monga iwo, ndipo agonjetsa zazikulu ndi nzeru zokha. Akulu omwe, akakhala pansi pa anthu ankhanza, apeza citonthozo mwa iye. Anthu a mu Africa amene anagwidwa ukapolo ndi kutengedwa kumka ku America analandidwa minda, abale ndi maina omwe, koma nthano zao zinaoloka nao nyanja. M'caka ca 1880 Joel Chandler Harris anasindikiza buku la nthano zimene anamva kwa anthu akuda a kumeneko. M'menemo muli kalulu wocenjera, dzina lace Brer Rabbit, amene anakanirira pa cidole copaka phula, monga Kalulu anakanirira pa msana wa Fulu.

Nthano yosunga maganizo

Mtundu waciwiri ndiwo nkhani za ciyambi ca zinthu. Zimenezi akulu sanaziyese zoseketsa ana. Pa mapiri a Dzalanyama, m'malire a Malawi ndi Mozambique, pali malo ochedwa Kaphirintiwa. Acewa ati paciyambi dziko linali louma, lopanda camoyo ciriconse. Tsiku lina mitambo inasonkhana, mphezi zinang'anima, mvula nigwa. Pamodzi ndi mvulayo anatsika Cauta, mwamuna ndi mkazi oyamba, ndi nyama zonse. Anthuwo anali ndi khasu, licero ndi mtondo. Anatsikira pa thanthwe limene linali likali lofewa, ndipo mapazi ao ndi zipangizo zao zinasiya zizindikiro pamenepo, thanthwe niliuma.

Masiku amenewo Cauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mumtendere. Koma tsiku lina mwamuna anatenga timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, nayamba kupeka, moto nubuka. Motowo unagwira chire. Nyama zinathawira kuthengo ziri ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu. Birimankhwe anakwera mumtengo naitana Cauta kuti amtsate, koma Cauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Pamenepo Kangaude analuka ulusi wace namkweza kumwamba. Pocoka Cauta ananena kuti kuyambira tsiku limenelo munthu adzafa, nadzamtsata kumene iye wapita.

Akatswiri a mbiri anena kuti makolo a Acewa anacokera ku Uluba, m'dziko la Congo, ndipo akulu ambiri a Acewa anena comweco. Kodi tsono nkhani ya Kaphirintiwa iri yacabe? Iai. Woiyang'anitsa aona kuti iyo ndi cithunzi ca caka ca mlimi. Mu Okotobala dziko liri louma ndi lofiira monga linali paciyambi. Mvula yoyamba ikagwa ca mu Novembala, msipu uphuka, tizirombo tituruka, ndipo anthu atenga makasu. Dzinthu zikakololedwa udzu uuma, alenje aocha chire, nyama nizithawa. Caka ndi caka mlimi aona ndi maso ace dziko lirikulengedwa ndi kupsanso.

Nkhaniyi iyankhanso mafunso amene mwana aliyense afunsa: cifukwa ninji nyama ziopa munthu, cifukwa ninji Mulungu saoneka, ndi cifukwa ninji anthu amafa. Yankho la makolo linali lakuti nzeru za munthu zibala zabwino ndi zoipa pamodzi. Moto umene uphika nsima ndi kusula khasu ndi womwewo unathamangitsa Cauta. Mudzi umene watha nkhalango yace ndi moto wolusa ndi makala, nuona mitsinje yace irikuphwa, sunganene kuti makolo anaganiza zopusa.

Nkhani yosunga mbiri

Mtundu wacitatu ndiwo mbiri, ndiyo nkhani ya anthu amene anakhalakodi ndi moyo. Angoni a Mpezeni asimba za mfumu yao Zwangendaba, wa pfuko la Jere, amene anacoka ndi anthu ace ku South Africa m'masiku a nkhondo za Shaka. Atayenda zaka zambiri anafika pa Zambezi, pafupi ndi Zumbo, kumene Luangwa athira m'mtsinje waukuluwo. Akulu ena ati Zwangendaba anamenya madzi ndi ndodo, madzi nagawikana, anthu naoloka pouma. Ena ati anaolotsedwa m'mabwato ndi anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo. Koma pa cinthu cimodzi akulu anabvomerezana: tsiku looloka dzuwa linada masana, kunja nikucita mdima ngati usiku.

Angoni a nthawi imeneyo analibe kalendala, ndipo panalibe mmodzi wolemba. Koma kuda kwa dzuwa, kumene kuchedwa kadamsana, kucitika pamene mwezi upita pakati pa dzuwa ndi dziko, ndipo odziwa za nyenyezi akhoza kuwerengera cam'mbuyo ndi kupeza tsiku ndi malo a kadamsana aliyense. Atawerengera anapeza kuti kudera limenelo dzuwa linadadi mu Novembala 1835. Cotero mau amene agogo anauza adzukulu ao pamoto anapatsa olemba mbiri caka cotsimikizika, cimene ana a sukulu aphunzira m'mabuku ao.

Nanga za ndodo ija? Zimenezo sizinena za madzi koma za mtima wa anthu. Kuolotsa khamu la akazi ndi ana pa mtsinje waukulu wa ng'ona kunali cinthu codabwitsa, ndipo opulumukawo anakuza mfumu yao ndi mau oyenera kukula kwa cinthuco. Wophunzira mbiri acita ngati mkazi wopeta: sataya ufa cifukwa muli gaga, koma apeta mosamala, napatula cimene cinacitika ndi cimene anthu anaonjeza polemekeza. Ndipo ngakhale coonjezaco ciri ndi phindu, pakuti cionetsa m'mene Angoni anaonera mtsogoleri wao. Adzukulu ao akumbukirabe ulendowo akasonkhana ku Mtenguleni, pafupi ndi Cipata, pa mwambo wa Nc'wala. Mwambowo unaleka itatha nkhondo ya Angoni ndi Angerezi ya 1898, koma unayambanso mu 1980, cifukwa analipo akulu amene anausunga m'mitima.

Nkhokwe imene iyenera kusamalidwa

Makolo analibe mabuku, motero malamulo ao, cipembedzo cao ndi mbiri yao anazisunga m'nkhani, monga mlimi asunga mbeu m'nsupa. Koma nkhokwe yotere iri ndi ngozi yace. Buku likhoza kukhala m'bokosi zaka 50 osawerengedwa, ndipo wolitsegula adzapeza mau onse ali momwemo. Nthano siitero ai. Nkhalamba ikamwalira isanauze munthu, nthano zace zilowa nayo m'manda, ndipo palibe angazifukule. M'nyumba zambiri madzulo ana amvera wailesi kapena ayang'ana pa foni, ndipo agogo akhala cete cifukwa palibe wowafunsa.

Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma m'Malawi, anazindikira ngozi imeneyi. Anasonkhanitsa zimene akulu anakumbukira, nalemba buku la Mbiri ya Acewa, ndipo zambiri zimene zikadatayika ziwerengedwa kufikira lero. Nchito yotere siifuna munthu wa maphunziro akuya. Mwana wodziwa kulemba, wokhala ndi kope ndi pensulo, akhoza kupita kwa agogo ace, nakhala pansi mwaulemu, napempha nthano imodzi. Alembe monga momwe aimvera, osakonza mau a wamkuluyo, ndipo alembenso dzina la mudzi ndi tsiku. Akaimva nthano yomweyo kwa munthu wina yosiyana pang'ono, asanene kuti mmodzi wanama. Alembe zonse ziwiri. Paja akulu anati, mau a akulu akoma akagonera.

Mafunso

1. Kodi akulu analetseranji ana kunena nthano masana?
2. Chulani mitundu itatu ya nkhani za makolo, ndi cimene mtundu uliwonse usunga.
3. Fisi, Nyalugwe ndi Njobvu anali amphamvu koposa Fulu. Nanga analephera bwanji kugwira Kalulu?
4. Fotokozani m'mene nkhani ya Kaphirintiwa ifanana ndi nyengo za caka.
5. Kodi olemba mbiri anadziwa bwanji caka cimene Angoni anaoloka Zambezi?
6. Masulirani mau awa: cilala, ulimbo, kupeka moto, thanthwe, kadamsana.

Zocita

Pemphani munthu wamkulu wa kwanu kuti akuuzeni nthano imodzi. Muilembe m'kope mwanu, ndipo pansi pace mulembe mtundu wace ndi cimene yasunga. Mudzaiwerenge pamaso pa anzanu, ndi kuona ngati ena aidziwa mwa njira yina.