Agogo Akayamba Kuiwala: Akhale Kuti, Awasunge Ndani?

Phunziro lathu la mwezi uno likukamba za matenda oiwala a anthu okalamba, amene kuchipatala amawatcha demência. Tonse timaiwala pomwe taika khasu. Koma wodwala matendawa amafika poiwala ntchito ya khasulo. Amafunsa chinthu chimodzi kambirimbiri, amati sanadye pomwe mbale ili pamiyendo, amasiya poto pamoto, amasochera panjira ya kudimba imene wayendamo zaka 50. Matenda akakula sazindikiranso ana ake, ndipo amalephera kusamba ndi kudzithandiza yekha.

Kodi chimayambitsa n'chiyani?

Ubongo umaonongeka pang'onopang'ono. Mtundu wofala kwambiri ndi Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikaonongeka, makamaka kwa odwala BP, shuga kapena amene anachitapo sitiroko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse linawerengera kuti mu 2021 odwala anali pafupifupi 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mankhwala ochiziratu palibe.

Tinene mosabisa: uwu si ufiti. Agogo opezeka usiku pakhomo pa eni, osavala bwino, akulankhula zosamveka, sanagwe pa lichero ayi. Asochera. Kuwamenya kapena kuwathamangitsa m'mudzi ndi mlandu, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza okalamba, Lei 3/2014.

Yambani mwapita nawo kuchipatala. Ngati mutu wasokonekera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, mwina ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo izi zimachizika. Funsani kuti muonane ndi técnico de psiquiatria wa kuchipatala cha distrito.

Nthawi yowasamutsa ikakwana

Mudzadziwa kuti sangakhalenso okha akayamba kupsa ndi moto, kuonda chifukwa choiwala kudya, kusokoneza mankhwala kapena kusowa pakhomo. Kwa ife a m'malire kusowaku n'koopsa. Wodwalayu amaiwala za dzulo koma za kalekale amazikumbukira bwino. Ambiri mwa makolo athu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, nabwerera mtendere wa 1992 utadza. Ndiye agogo angadzuke m'mawa n'kuuyamba ulendo wa kumene ankakhala nthawi imeneyo, n'kukafika pamsewu waukulu wa galimoto zothamanga, m'dziko la eni, osatha kutchula ngakhale dzina la mudzi wao. Sokererani kansalu m'kati mwa chovala chao, kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Auzeninso amfumu, a kumpingo ndi achibale a kutsidya.

Mwini mbumba aitanitse abale onse zinthu zisanafike poipa, agogo akadali otha kunena maganizo ao. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti katundu yense amagwera mwana wamkazi mmodzi, amene alinso ndi munda ndi ana ake, pomwe alongo ake ali ku Tete kapena ku Joni amangoimba foni kufunsa kuti “amayi adzuka bwanji?” Foni sichapa zofunda. Gwirizanani momveka: uyu azitumiza ndalama ya sopo ndi shuga, uyu alime gawo la munda wa wosamalayo, uyu azibwera Loweruka kuti mnzake apume.

Mabanja ena amati agogo azikhala mwezi kwa uyu, mwezi kwa uyo, kuti pasakhale wodandaula. Ana amaona ngati chilungamo, koma kwa wodwala n'chizunzo, chifukwa malo atsopano alionse amamusokoneza. Asankhidwe malo amodzi, ndipo osinthana akhale osamalawo. Ngati n'kotheka, ndi bwino mdzukulu wamkulu kapena mwana asamukire kwa agogo kusiyana n'kuwachotsa.

Zikakanika, asamutseni m'mawa, popeza madzulo ndi pomwe mutu umasokonekera kwambiri. Atenge mphasa yao, bulangeti, mpando ndi wailesi yao. Masabata oyamba adzanena kuti “ndikufuna kupita kwathu.” Musakangane nawo. Ayankheni mofatsa kuti “Amayi, imwani kaye phalali,” kenaka apatseni mtedza aswe kapena nyemba asankhe, afunseni za kale. Ikani kutali machesi, mankhwala a mbewu ndi parafini. Musawamange ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba okha.

Nanga amene alibe wowasunga?

Boma kudzera ku INAS limapereka thandizo la ndalama kwa okalamba osauka, lotchedwa Subsídio Social Básico. Ndi zochepa, koma sopo zimagula. Palinso nyumba zosungirako okalamba, Centro de Apoio à Velhice, koma n'zowerengeka, zili m'matauni, ndipo zimayamba kulandira amene alibiretu abale. Kafunseni ku ofesi ya Acção Social ku distrito, mutatenga BI ya agogo ndi mapepala ao a kuchipatala. Akalandiridwa, auzeni osamala kumeneko dzina limene agogo amavomera, chinenero chimene amamva ndi chakudya chimene amakonda, ndipo mugwirizane tsiku loti muziwayendera.