Nsomba za m'galasi si ndiwo, mwanawe

Azakhali,

Ndimaperekera zakudya pa loji ina kuno ku Mfuwe. Bwana wathu pobwerera kwawo wandigulitsa motchipa thanki yagalasi yowetera nsomba, ya malita 100, pamodzi ndi kapampu kake. Yakhala mosungira katundu zaka ziwiri, m'mbali yachita zoyerayera, ndipo makoswe anaisandutsa chimbudzi. Mayi a kunyumba akuti aikweche ndi Boom mpaka iwale kuti Loweruka tikakole nsomba kudambo. Apongozi nawo akufunsa kuti nsombazo tiyamba kudya liti. Ndithandizeni.

Ndine mwana wanu, kwa Kakumbi.

Mwanawe,

Ndaseka mpaka chitenje kumasuka. Anthu akukwera ndege kuchokera ku London kudzaona Luangwa, iwe amene umadzuka nayo pakhomo ukufuna kamtsinje kakokako pabalaza! Chabwino, kako kakhala kopanda ng'ona. Koma pabanja lonselo amene afunsa funso la munthu wamkulu ndi apongozi akowo basi.

Uyambe ndi kulanda Boom m'manja mwa mtengwa wanga. Usamukalipire, iye waganiza ngati mayi waukhondo. Kungoti sopo amabisala m'makona momwe magalasi anamatidwa, ndipo katsalira kochepa kamene iwe sungakaone kamawononga makha a nsomba, momwe zimapumiramo. Mawa lake udzazipeza zili chagada, uyambe kunena kuti aneba akulodza. Sopo ayi, sitiluwulu ayi, ndowa imene amachapiramo matewera ayinso. Ugule ndowa ndi kasiponji zatsopano, zikhale za nsomba zokha ngati mbale ya bambo.

Ndipo usanavutike ndi kutsuka, udziwe kaye ngati sunagule sefa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Uyendetse chala m'makona monse momwe muli silikoni. Ngati wauma, akusendeka kapena akuthetheka, thankiyo ndi yodwala. Uiike panja pamthunzi, posalala bwino, uidzaze madzi, ulembe chizindikiro pomwe madzi alekezera, pansi uyale manyuzipepala. Ikhale masiku awiri. Pepala likanyowa, silikoni wakaleyo apalidwe, amatenso watsopano. Pogula unene kuti ndi wa thanki ya nsomba, chifukwa wa kubafa uja amamuthira mankhwala opha nkhungu, ndipo amapha ndi nsomba zomwe.

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Malita 100, kuphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, zaposa matumba awiri a simenti. Ndiye usandiuze kuti uiika pa katebulo kaja kamene kamanjenjemera mukaikapo nsima. Ndiponso thanki sainyamula muli madzi, imang'aluka.

Zoyerayerazo si matsenga. Ndi laimu wa m'madzi, yemwe uja amakanirira pansi pa ketulo. Unyowetse kansalu ndi viniga woyera, ukamate pamenepo kwa theka la ola, upukute. Pokanika upale pang'onopang'ono ndi lezala, koma lisayandikire silikoni. Utsukuluze bwino. Poti makoswe anachitamo zawo, tsiku lina usungunule Jik wamba, wosanunkhiritsa, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, upake monse, udikire mphindi 15. Tchera khutu apa: Jik ndi viniga sizikumana, ngati mkamwini ndi apongozi ake panjira. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya woopsa umene ungakugoneke m'chipatala cha Kamoto. Utsukuluze kambirimbiri, uumitse masiku awiri mpaka fungo litheretu. Siponji yakale ya m'kapampu ndi mchenga wakale utaye.

Tsopano za Loweruka uiwale. Pano ndi pamene anyamata othamanga magazi ngati iwe amaphera nsomba. Thanki yoyera kwambiri nayonso ndi manda. Nsomba imadya, imachita chimbudzi, ndi kupuma m'madzi omwewo, ndipo zonyansazo zimasanduka amoniya, amene ndi poizoni. Mu Luangwa madzi amapita nazo. M'galasi mwako amene amagwira ntchitoyo ndi mabakiteriya abwino omera m'siponji ya pampu ndi pamiyala, amene amasandutsa poizoniyo kukhala zinthu zosaopsa kwenikweni. Jik uja wawapha onse, ndipo kuti achulukenso pamafunika masabata anayi kapena asanu ndi limodzi. Choncho uthire madzi, uyatse pampu, uziwaza katsinidwe kamodzi ka chakudya cha nsomba masiku angapo alionse ngakhale mulibe nsomba. Aneba adzati wapenga, ukudyetsa madzi. Uwasiye. Iwe pofunsira mbeta unalowa m'nyumba tsiku lomwelo?

Madzi a pamjigo ndi abwino. A pampopi, kapena amene mwathiramo Clorin, agone kaye m'ndowa usiku ndi usana.

Nanga uikamo chiyani? Kamlamba ndikukaniza. Lero kakuoneka kaulemu, koma mlamba umatha kupitirira mita, umameza anzake, umapuma mpweya wa kunja, ndipo usiku wina udzaupeza ukukwawa kulowera kuchipinda kwa apongozi. Mbuna za ku Nyanja ya Malawi, zimene azungu amazilira m'maiko mwawo, n'zokongola ngati atsikana a pa mwambo wa Malaila, koma ndewu yake ndi ya pamowa, ndipo malita 100 angazichepere. M'zithaphwi za m'chigwa chanuchi muli tinsomba tamawangamawanga timene akatswiri anatitcha Nothobranchius boklundi mu 2010. Chithaphwi chikauma timafa, mazira n'kugona m'matope mpaka mvula. Moyo wake sufika chaka, ndiye ungalire maliro pachabe. Ukumbukirenso kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi, ndipo m'paki mokha ndiye usayerekeze n'komwe. Uitanitse ma guppy asanu kapena asanu ndi limodzi kwa ogulitsa ziweto ku Lusaka. Amapirira, saopa madzi a laimu, ndipo amaswana ngati alipidwa.

Mdani wako weniweni ndi October wa kwanuko ku Mambwe, pamene kutentha kumaposa madigiri 40 ndipo malata amalira okha. Nsombazi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo madzi akatentha mpweya umachepamo. Thanki ikhale kutali ndi windo, m'chipinda chozizirirapo. Magetsi akazima monga anatichitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, uzitunga madzi a m'thankimo ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, ndipo tsiku limenelo usazidyetse. Sabata iliyonse uchotse ndowa imodzi ya malita 20, ubwezere atsopano. Obwera kudzapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba akafika, nsomba zisamukire kwina kaye. Doom ndi koyilo zisayandikire chipindacho.

Ukadzatopa nazo, poti ndikukudziwa, upatse mnzako kapena sukulu. Usakazitaye mu Luangwa, nsomba zachilendo zimasokoneza eni mtsinje.

Apongoziwo uwagulire kapenta lero lomwe, asamayang'ane thankiyo akutsuka poto. Undilemberenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, undiuze kuti zatsala zingati.

Ndine Azakhali ako.