Azakhali, tikagone hotela iti ku Lusaka?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 48, ndimakhala kwa Mfumu Mlolo kuno ku Chadiza. Chaka chino soya ndi mpendadzuwa zandikomera, ndipo mwana wathu wachisamba akulandira digiri yake ku UNZA. Ndinalonjeza mayi a kunyumba kuti ulendo uno sitikagona pamphasa kwa alamu anga ku Chawama, tikagona hotela ya nyenyezi zisanu. Vuto ndi lakuti pafoni hotela zonse zikuoneka zokongola. Ndisankhe iti? Ndikufuna yoti anzanga a paboma akaona zithunzi asowe chonena.

Mlimi wa soya, Chadiza

Mwana wa achimwene anga,

Ha! Soya wakulankhula ndithu. Iwe yemwe uja umakangana ndi kondakitala chifukwa cha chenji cha K2, lero ukuwerenga nyenyezi? Ndakondwa nawe, ndipo mpongozi wangayo akuyenera bedi lofewa, pajatu theka la soyayo anapalira ndi iyeyo. Koma kalata yako yakuulula kumapeto. Anzako a paboma ndi amene ukufuna kuwagoneka mu hotelayo, pomwe olipira ndiwe. Asiye akhale pa bawo pawo, ife tikambe za iwe, mkazi wako ndi mwana wovala gauni.

Yamba wadzifunsa kumene mapazi ako akafunike m'mawa wa tsiku lolandira digirilo. Lusaka si Chadiza poti munthu umachoka kumsika n'kufika kuchipatala chingamu chisanathe kukoma. Nthawi yopita kuntchito magalimoto amathinana pa Great East Road, ndipo munthu amene wagona mbali yolakwika ya mzinda amakafika mwana wake atatchulidwa kale dzina. Mwayi wako ndi wakuti UNZA ili pamsewu womwewo umene udzere. Basi ikadutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, n'kuwoloka mlatho wa Luangwa, n'kupitirira Chongwe, imalowa mu Lusaka kudzera pa Chelstone ndi Munali, ndipo yunivesiteyo uiona kumanzere usanafike m'tauni. Ukangoipitirira pali East Park, kenako Arcades, kenako Manda Hill. Hotela zoti uganizire zili pamenepo: Radisson Blu ili pa Great East Road pomwepo, Protea ili pa Arcades, ndipo Neelkanth Sarovar Premiere ili pafupi ndi Manda Hill. Kuchoka pa iliyonse ya zimenezi, takisi sikuyenda nawe mtunda woti mpaka n'kuyamba kukambirana za ndale ndi dalaivala.

Zilipo zina za mbiri yakale zimene mayina ake amamveka kukoma ukamawatchula pamaliro. Pamodzi ili pa Church Road, Southern Sun Ridgeway ili chapafupi pomwepo, ndipo InterContinental ili pa Haile Selassie Avenue ku Longacres. Zimenezi zimakomera munthu amene ali ndi nkhani kumaofesi a boma, ku High Court kapena ku UTH. Ku Ridgeway anthu amakamba za dziwe la pakati pa hotela, la tiana ta ng'ona ndi mbalame zoluka zisa. Koma iwe, mwana wa kumudzi, ukalipire kuti uone mbalame? Palinso Ciela, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, yokhala ndi bwalo la gofu. Ndi yabwino kwa wofuna bata kapena wokwera ndege m'mamawa. Iwe ndege yako ikakutsitsa pa siteshoni ya mabasi ya Intercity.

Tsopano za zithunzi zakusokonezazo. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Wojambula amasankha chipinda chachikulu kuposa zonse, pomwe mtengo umene waikidwa pansi pa chithunzicho ndi wa chipinda chaching'ono kuposa zonse. Usiye zithunzi za eni hotela, uwerenge zimene alemba anthu amene anagonamo miyezi yapitayi, makamaka odandaula. Munthu mmodzi akadandaula za phokoso, mwina ndi wovuta chabe. Asanu akadandaula za madzi otentha, madziwo kulibe. Ndipo ukasankha, imbira hotelayo pa nambala yake yeniyeni. Usatumize ndalama pa Airtel Money kapena MTN kwa munthu amene wamupeza pa Facebook akuti ali ndi mbale wake wogwira ntchito kumeneko. Abale oterewa foni zawo zimazima ndalama ikangolowa.

Ukaimba, usachite manyazi ndi Chinyanja chako, ku Lusaka amachimva. Funsa mtengo mu kwacha, chifukwa pa intaneti ambiri amalemba mu madola, ndipo nambala ya madola imaoneka yaing'ono mpaka tsiku lolipira. Ufunsenso ngati mtengowo waphatikiza zonse. Pali msonkho wa VAT wa 16 peresenti, pali ndalama ya antchito imene amati service charge ya 10 peresenti, ndiye palinso msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti. Ngati sanaziphatikize, pa K100 iliyonse uwonjezerapo ndalama zoposa K25. Iwe umadziwa kuwerengera matumba, ndiye werengera wekha kuti ndi angati akupita ku misonkho yokha. Ufunse ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ndiponso ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo kwa nonse awiri. Hotela zambiri zikuluzikulu zimafunanso ndalama ya chikole polowa, imene amabweza potuluka ngati sunaswe kanthu. Utenge NRC yako ndi ya mkazi wako. Pa kauntala sadziwa kuti ndiwe mphwake wa nyakwawa.

Za magetsi, hotela zazikuluzi zili ndi majenereta, ndipo chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo ZESCO ikuzimitsa malaiti kwa maola ambiri patsiku, chinaphunzitsa aliyense kufunsa funso limeneli. Ukaganiza zotsikira ku loji yotchipirako, funsa za jenereta ndi madzi usanafunse za dziwe losambiramo. Kodi kusambira umatha n'komwe? Ndiponso sungitsa malo msanga. Sabata ya chikondwerero cha digiri makolo amachokera m'zigawo zonse khumi, ndipo ikakhala nthawi ya chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda, chakumapeto kwa Julaye ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, dera lonselo limadzaza, poti bwalo la chionetserocho lili pakati pomwepo.

Langizo langa lenileni nali. Usagule masiku atatu kuti ukhale ukulowa m'chipinda usiku uli wotopa n'kutuluka mbandakucha. Usiku wofika, fumbi la Nyimba lili m'mutu, kagoneni malo wamba aukhondo pafupi ndi yunivesite. Usiku wotsatira mwambowo ndiwo mukagone kwa nyenyezi zako. Nthawi zambiri amalola kulowa m'chipinda cha m'ma 2 koloko masana ndipo amatulutsa cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa. Lowani nthawi ikangokwana, tulukani itatsala pang'ono kutha. Mpongozi wanga asambe madzi amene sanatunge yekha, agone mpaka dzuwa limupeze, adye chakudya cha m'mawa chimene wina wadzukira kuphika. Pa tebulo la m'mawalo umatenga wekha zimene ukufuna ndipo kubwereza n'kololedwa, koma mazira owiritsa asalowe m'thumba la jekete. Ndimakudziwa.

M'chipindamo mupezamo kafiriji kodzaza zakumwa ndi mtedza wa m'mapaketi. Si mphatso ya alendo imeneyo. Chilichonse chimene mutsegule chikakupezani pa bilu, ndipo mtedza womwe umagulitsa pamtengo wolira nawo pa Chadiza ukaugula pamtengo woti ukafuna madzi akumwa, amenenso ali ndi mtengo wake. Zakumwa kagule pa Manda Hill kapena East Park.

Nanga alamu ako a ku Chawama? Apa ndiye pali mlandu. Ukapanda kuwauza, nkhani ikafika kwa apongozi ako iwe usanawoloke Luangwa pobwerera, kuti mkamwini wayamba kunyada. Ukawauza nambala ya chipinda, abwera ndi ana anayi kudzaona lifiti, ndipo woperekera zakudya akafunsa kuti alembe pa chipinda chiti, mlamu wako ayankha mwaulemu wonse. Pitani inuyo ku Chawama masana, mutanyamula nkhuku ya kumudzi, ufa ndi chimanga chokazinga, mukadye nsima limodzi, mwana ajambulitse ndi asuweni ake atavala gauni. Madzulo mutsanzike bwinobwino, muitane takisi ya Yango, muzipita awiri.

Potuluka, werenga bilu mzere ndi mzere usanasaine, ndipo ndalama ya basi yobwerera ikhale itasungidwa kwa mkazi wako kuyambira tsiku lonyamuka. Thaulo, pilo ndi mkanjo woyera wosambira uja ndi za eni hotela, amaziwerenga. Tisopo ting'onoting'ono ndi timabotolo ta mafuta odzola ndi tanu. Kamodzi ukapatse apongozi ako, tiwiri ubweretse kuno.

Ndine,
Azakhali ako